Dalaivala wa ambulansi wasiya kugona

Mayi wina wogulitsa tomato ndi anyezi pafupi ndi pokwerera galimoto za ku Jenda, pa Edingeni, anatulutsa kalata m'kajumbo n'kuipereka kwa bambo wachikulire amene anthu pano amamudalira pa zikalata za Chingerezi, popeza anagwira ukalaliki ku boma mpaka kupuma. Ine ndinali pa benchi ya wokonza njinga, kudikira galimoto. Ankayankhula Chitumbuka, Chichewa n'kumalowererapo apo ndi apo monga zimakhalira kuno, ndipo ndalemba m'Chichewa zimene makutu anga anatola.

"Adada, tandiwerengerani iyi. Ndi ya alamu anga, amuna a mng'ono wanga. Eni ake angoiwerenga n'kuiponya kunsi kwa bedi."

Mkuluyo anavala magalasi, nawerenga chamumtima milomo ikugwedera. Kalatayo inali yoitana dalaivala wa ambulansi wa pachipatala china kuti akaonekere ku komiti yosungitsa mwambo. Milandu yake inali itatu: kujomba, kufika pantchito akununkha mowa, ndi kukana kuyenda atatumidwa usiku.

"Apa palibe chovuta," anatero mnyamata wa kabaza amene anatsamira njinga yake yamoto chapafupi. "Munthu akumwa, akujomba. Ntchito zikusowa chonchi, wina n'kumaseweretsa yake."

Mayi uja anamuyang'ana nthawi yaitali asanayankhe. "Mwana iwe, munthu ameneyu wakula mpaka imvi osalawa ndi chibuku chomwe. Kufunsa kaye kuli bwino."

Ndiye anafotokoza. Dzinja lathali, lole yodzaza anthu ochokera ku maliro inagubuduzika pamtsetse wina usiku, mvula ili pakati. Alamu akewo anafika pamalopo ndi namwino mmodzi yekha. Kuwala kunali kwa malayiti a ambulansi ndi tochi ya pafoni. Magolovesi anatha anthu asanathe, moti otsalawo anawanyamula ndi manja okha. Namwino ankayang'ana amene akupuma, dalaivala n'kumakoka, kunyamula ndi kukweza. Pa ulendo wachiwiri munali mwana wa zaka ngati zinayi ali pamiyendo pa amayi ake. Msewu unali matope okhaokha, galimoto ikuterereka, mayiyo n'kumamenya galasi la kumbuyo kwa dalaivala uku akukuwa kuti thamangani adada, thamangani. Asanafike kuchipatala, kumenya galasi kuja kunaleka, kulira n'kusintha. Dalaivala anadziwa osacheuka.

"Atatsitsa omaliza," mayiyo anapitiriza, "anatenga ndowa, klorini ndi chikolopa n'kutsuka galimoto okha, m'bandakucha. Asanaumitse n'komwe, foni: mayi woyembekezera wavutika kumudzi wakuti. Anapita. Palibe amene anati khalani pansi, imwani tiyi, munaonako zotani."

Masabata oyambirira bamboyo ankaoneka bwinobwino. Zinayamba pang'onopang'ono. Ankadzuka pakati pa usiku thukuta lili kamukamu, akunena kuti wina akugogoda galasi. Foni ikalira ankadzidzimuka mpaka kutaya kapu. Nyama anasiya kudya, ati fungo. Ana ake omwe, akamasewera mokuwa panja, ankawakalipira koopsa kenaka n'kukadzitsekera m'chipinda. Pamtsetse paja anasiya kudutsapo: akatumidwa mbali imeneyo ankazungulira njira yaitali, ndipo makilomita a m'logibuku atayamba kusagwirizana ndi mafuta, kuntchito anayamba kumunong'ona kuti akugulitsa dizilo. Kachasu anabwera pomalizira, ngati mankhwala a tulo.

Mnyamata wa kabaza anangoti, "Aa, koma mwamuna amalimba mtima," koma mawu ake anali atatsika.

Zimene mayiyu anafotokoza madokotala amazidziwa bwino, ndipo amazitcha PTSD. Akatswiri a matenda a maganizo ku America anaziika m'buku lawo la matenda mu 1980, ataona asilikali obwera ku nkhondo ya ku Vietnam, ngakhale kuti vutolo ndi lakale ngati nkhondo ndi ngozi zimene. Munthu akaona imfa yoopsa kapena kupulumuka padzenje, n'zachibadwa kuti masiku angapo tulo tivute ndipo zithunzi zizibwera m'mutu. Ambiri zimawathera zokha. Koma kwa ena mwezi umatha, miyezi n'kutsatana, zinthu zija zikubwerabe ngati zikuchitika lero: kulota, kudzidzimuka, kuthawa malo ndi fungo lokumbutsa, ukali, ndi kudziimba mlandu. Amene ntchito yawo ndi kuthamangira kumene ena akuthawa amakumana ndi zotere kambirimbiri, ndiye katundu amaunjikana. Ndipo matendawa amachizika, makamaka pokambirana ndi katswiri wophunzitsidwa, nthawi zina pamodzi ndi mankhwala. Chomwe chimandipweteka n'chakuti zizindikiro zake, ukaziika papepala la kuofesi, zimasanduka milandu. Kuthawa mtsetse kumalembedwa kuti kusamvera. Kugona masana chifukwa usiku wonse unali maso kumalembedwa kuti kujomba. Kalata ija inalondola chilichonse chimene bamboyo anachita, koma chimene chinamuchitikira munalibe ndi mzere umodzi womwe.

Pamthunzi wa mtengo chapafupi panali akuluakulu awiri akusewera bawo. Mmodzi, wokalamba kwambiri, ndodo ili pambali, anasiya nkhomo m'manja n'kulowerera.

"Mukuti mwamuna amalimba mtima. Inu mukuwaposa Angoni a kale kulimba mtima? Agogo athu ankatiuza kuti ankhondo akabwera, amene wapha munthu sankangolowa m'nyumba n'kukhala pa nsima ndi ana. Ankayamba wasambitsidwa ndi mankhwala, akulu akumuyang'anira, kuti zimene wachita ndi kuona zisamutsate. Amenewo anali amuna a chishango ndi mkondo. Ngakhale lero, tikachoka kumanda sitisamba m'manja tisanalowe pakhomo? Amene akumba manda sitiwaphikira, sitiwathokoza? Wagwira imfa amafunika kusamalidwa. Nanga uyu wanyamula mitembo usiku wonse, mwangomupatsa makiyi."

Anthu anati zii. Pa Edingeni, pomwe pali likulu la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, mawu otere samatsutsidwa wamba. Sindikunena kuti mankhwala osamba angachotse PTSD, ndipo mkuluyo sanatero. Chimene ananena n'chakuti makolo sankamutenga munthu wotere ngati wofooka kapena wolakwa. Ankadziwa kuti wabwera ndi chinthu, ndipo mudzi wonse unali ndi udindo pa iye. Nzeru imeneyi tinali nayo kalekale, koma sinalowe m'makontrakiti a ntchito.

Bambo wina wa jekete lachikopa, mwa anthu ambiri a Mzimba amene anakhalako ku Joni, anati iye anagwira ulonda ku Johannesburg ndipo anaona mnzake atasokonekera pambuyo polozedwa mfuti ndi achifwamba. "Kumeneko, ngati uli ndi mapepala ndipo abwana anakulembetsa, zoterezi amaziwerenga ngati kuvulala pantchito. Dokotala amalemba, fomu imapita ku Compensation Fund. Zimachedwa, osanama, koma khomo lilipo."

Ananena zoona. Lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pantchito la ku South Africa, la 1993, lakhala likugwiritsidwa ntchito pa milandu ya PTSD, ndipo atalikonzanso mu 2022 anatchula matendawa poyera pakati pa matenda obwera ndi ntchito. Kwina anapita patsogolo kuposa apo. M'chigawo cha Ontario ku Canada, kuyambira 2016, wapolisi, wozimitsa moto kapena wa mu ambulansi akapezeka ndi PTSD ndi katswiri, lamulo limangovomereza kuti yachokera kuntchito, ndipo amene akukana ndiye abweretse umboni. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Munthu amene akulephera kugona ndi kuganiza bwino simungamusenzetse ntchito yotsimikizira kuti ndi ngozi iti, ya tsiku liti, imene inamuthyola. Nalo bungwe la zantchito padziko lonse la ILO, limene Malawi ndi membala wake, linaika PTSD pa mndandanda wake wa matenda a pantchito mu 2010.

"Nanga kwathu kuno, adada?" mayi uja anafunsa kalaliki wopumayo. "Awachotsa?"

Mkuluyo anapinda kalata bwinobwino asanayankhe, ndipo anayankha ngati munthu amene waona mafayilo ambiri.

"Amama, lamulo lilipo, koma limafuna pepala. Employment Act ya 2000 imati munthu amene wagwira chaka chathunthu, akadwala, ali ndi masabata anayi a malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu a theka la malipiro pachaka. Koma pakhale chikalata cha dokotala wovomerezeka. Lamulo lomwelo limati kusowa pantchito kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala si chifukwa chochotsera munthu, ndiponso sangachotsedwe pa mlandu wa khalidwe asanapatsidwe mwayi wodziteteza. Silinena kuti matenda a thupi okha. Tsono alamu anuwo, chikalata ali nacho?"

"Chikalata cha chiyani, poti sakumva kuwawa paliponse? Akuti akapita kukanena, anzawo aziti apenga. Ndipo madokotalawo ndi omwewo amagwira nawo ntchito."

Apa ndi pamene pamagona vuto lonse, ndipo ndinaona kalaliki uja akugwedeza mutu ngati wazimvapo kale. Wothyoka mwendo pangozi ya ambulansi amalandira pulasitala, bedi ndi chikalata tsiku lomwelo, anzake n'kumabwera ndi nthochi kudzamuona. Wovulala m'maganizo pangozi yomweyo amabisa, chifukwa mawu akuti misala amamata munthu moyo wake wonse, mpaka ana ake kusukulu. Akabisa, chikalata palibe. Chikalata pakapanda, masiku amene sanabwere ndi ojomba. Ndipo fayilo ikadzaza ndi machenjezo, lamulo lomuteteza limafika ntchito itatha kale. Nalo lamulo la chipukuta misozi, Workers' Compensation Act ya 2000, ukaliyang'ana umaona kuti analilemba akuganiza za thupi. Mndandanda wake umawerenga chala, dzanja, diso, mwendo ndi khutu, chilichonse ndi maperesenti ake, ndipo matenda otchulidwamo ambiri ndi a fumbi, mankhwala oopsa ndi tizilombo. Munthu wopanda chilonda chooneka amayamba ulendo wake ali kale kumbuyo. Tisaiwalenso kuti dziko lino linayendetsa nkhani za matenda a maganizo ndi lamulo la atsamunda la 1948 kwa zaka zoposa 70, lamulo loganizira kwambiri za kutsekera odwala kusiyana ndi kuwabwezera kuntchito.

Wokonza njinga, amene nthawi yonseyi anali chete akumata chubu, anakweza mutu. "Bola dalaivalayo. Nanga apolisi? Mphwanga ali kupolisi. Munthu akadzimangirira, ndi iwo okadula chingwe. Akamira padamu masiku atatu, ndi iwo. Minibasi ikawombana ndi thiraki pa M1, ndi iwo otola zidutswa."

"Apolisi ndiye nkhani ina," anatero kalaliki. "Employment Act imanena poyera kuti siikhudza asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende, kupatula anthu wamba olembedwa kumeneko. Iwo ali ndi malamulo awoawo, ndipo m'yunifolomu kukana lamulo la wamkulu ndi mlandu waukulu."

Ndiye taganizani: anthu amene timawatuma patsogolo pa zoopsa zonse ndi omwewo amene lamulo lalikulu la zantchito linawasiya panja. Ndipo boma la Mzimba lino laona zinthu. Mu Okutobala 2022, m'nkhalango ya Mtangatanga munapezeka dzenje la anthu ambiri, oganiziridwa kuti anali ochokera ku Ethiopia. Poyamba anafukula mitembo 25, ina n'kupezekanso pambuyo pake. Inafukulidwa ndi manja a anthu, ndipo anthuwo anapuma mpweya wa pamalopo. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali inagwa ku Chikangawa, n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Asilikali, apolisi ndi ogwira ntchito m'nkhalango anasaka m'chifunga ndi m'chisanu cha Viphya mpaka anaipeza tsiku lotsatira. Kummwera, namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anasiya anthu oposa 1,000 atafa kapena kusowa, ndipo ku Chilobwe asilikali, apolisi, a Red Cross ndi anyamata a m'makwalala anakumba matope ndi makasu kufunafuna anthu.

"Tinalira omwalira, ndipo n'koyenera," anatero wokonza njinga. "Koma amene anafika poyamba paja, anagona bwanji usiku umenewo?"

Mayi wina wogulitsa mandasi anakumbutsa za 2020, pamene a zaumoyo ananyanyala ntchito kufuna zodzitetezera ku Covid-19 ndi ndalama ya chiopsezo. Anati ndalamayo inali yoyenera, koma alawansi imalipira kuopsa kwa kulowa m'wodi. Sibweza tulo ta munthu. Anawonjezera kuti kumudzi kuno wofika poyamba pangozi kawirikawiri sakhala wa yunifolomu n'komwe. Amakhala wa kabaza, wa polisi ya m'mudzi, mlangizi wa zaumoyo, wodzipereka wa Red Cross, anthu opanda ngakhale kalata yowalemba ntchito yoti n'kuitengera ku ofesi ya zantchito. Anatembenukira kwa mnyamata uja: "Iwe amene, suja unanyamula munthu wothyoka khosi panjinga pako chaka chatha? Chaona mnzako chapita." Mnyamatayo anayang'ana pansi, nati masiku ambiri pambuyo pake ankamvabe kulemera kwa munthuyo kumsana kwake.

Ine maganizo anga ndi awa, ndipo sindiwabisa. Ambulansi ikayenda makilomita akutiakuti imapita ku sevisi popanda wina kuifunsa ngati yatopa, koma woiyendetsa amayenera kugwa kaye kuti aonedwe. Zimenezi zisinthe, ndipo zambiri sizifuna ndalama zochuluka. Pakachitika ngozi yaikulu, mayina a onse amene anagwirapo alembedwe m'buku tsiku lomwelo, kuyambira dalaivala, namwino, wapolisi mpaka wa kumotchale, kuti mawa wina akadwala umboni ukhalepo kale. Wotuluka pa ntchito yotere apume, osatumidwanso usiku womwewo, ndipo pakatha mwezi, wina amufunse mwachinsinsi za tulo ndi mowa. Komiti yosungitsa mwambo ikaona munthu wa mbiri yabwino wasintha mwadzidzidzi, iyambe yamutumiza kwa dokotala isanatsegule mlandu. Wodwala asamutsidwe kaye, aziyendetsa galimoto ya katundu kapena ya masana, malipiro ake osakhudzidwa, mpaka atachira. Zimenezi mkulu wa chipatala kapena wa polisi angathe kuziyamba mawa lomwe. Chotsalira ndi cha aphungu a Nyumba ya Malamulo: PTSD ilembedwe pa mndandanda wa matenda a pantchito, ndipo a yunifolomu apatsidwe chitetezo chofanana m'malamulo awo. Ena adzati anthu azinamizira kuti athawe ntchito. M'dziko limene munthu amalolera kutchedwa chidakwa kusiyana ndi kutchedwa wodwala maganizo, mantha amenewo ndi aang'ono poyerekeza ndi anthu amene tikutaya. Dalaivala wodziwa njira zonse za kumidzi, namwino wa zaka khumi m'chipinda cha ngozi, sapezeka pamsika. Ndiponso dalaivala amene wagona maola awiri ndi kachasu ndi ngozi ina imene ikudikira, mayi woyembekezera ali kumbuyo.

Mowa sindikuuikira kumbuyo. Munthu woledzera asagwire chiwongolero, ndipo abwana amene amuletsa kuyenda achita bwino. Koma kumuchotsa pachiwongolero ndi kumuchotsa ntchito ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chachiwiricho chimamulanda ndalama ya ulendo wa kuchipatala, sukulu ya ana, ndi chifukwa chodzukira m'mawa.

Mayi wa tomato anafunsa kuti tsono atani, poti tsiku la komiti layandikira. Kalaliki anamuuza mwatsatanetsatane. Asadikire chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba, nkutali. Ku Mzuzu kuli a St John of God, amene ntchito yawo ndi matenda a maganizo ndi uchidakwa, ndipo amaphunzitsanso anamwino ndi aphungu a ntchito imeneyi. Ngati ndalama ya ulendo yavuta, ayambire pachipatala cha boma ku Mzimba n'kufunsa woona za matenda a maganizo. Apite ndi buku lake la kuchipatala, ndipo afotokoze zonse kuyambira usiku wa lole uja, osangoti mutu ukuwawa. Mkazi wake apite nawo, chifukwa ndi amene amaona za usiku. Apemphe chikalata chonena kuti akudwala ndipo akufunika kupuma. Kenaka alembe kalata yoyankha komiti, aphatikize fotokope ya chikalatacho, asunge yake, ndipo wolandira asayine ndi kulemba tsiku. Ku komitiko asajombe, ndipo asasayine kalata yosiya ntchito yekha ngakhale atamunyengerera. Zikavuta, ofesi ya zantchito ili pa boma, ndipo khoti la Industrial Relations lili ku Mzuzu.

"Koma adada, munthuyo akukana ngakhale kutuluka m'nyumba. Ine ndi mlamu chabe, ndingamukoke?"

"Inu ayi," anayankha mkulu wa bawo uja. "Ali ndi asibweni ake? Ali ndi mkulu wake? Auzeni amenewo lero lomwe. Asapite kukamudzudzula za mowa. Akamuuze kuti wavulala pantchito ndipo akumuperekeza kuchipatala."

Mayiyo anati asibweni alipo, ali cha ku Embangweni, koma foni yawo imavuta netiweki. Mnyamata wa kabaza anafunsa dzina la mudziwo, nati akupita mbali yomweyo masana ano ndipo uthengawo akafikitsa yekha, za mafuta asadandaule.